Mphunzitsi Amene Anapatsa Malaŵi Keyala

Munthu woyenda pa mseu wa M1 kuchokera ku Lilongwe kupita ku Ntcheu, akafika pa Dedza ndi kukweza maso, amaona nsanja zachitsulo zitaima pamwamba pa phiri. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, pamene chifunga chimakuta phirilo mpaka dzuŵa litakwera, nsanjazo sizioneka, koma ntchito yake siiima. Mayi wogulitsa mbatatesi pa mphambano ya ku Bembeke amalandira uthenga wolembedwa kuchokera kwa mwana wake amene ali ku Joni, ndipo amayankha makasitomala asanamalize kutsutsana naye mtengo. Zimenezi zazoloŵereka kotero kuti ndi oŵerengeka amene amafunsa chiyambi chake. Lamya za m'manja zinadza ndi makampani, kuyambira ndi Telekom Networks Malawi m'chaka cha 1995. Koma luso lotumiza kalata kuchokera pa makina kupita pa makina anzake linaloŵa m'dziko muno lamyazo zisanafike, ndipo mmodzi wa anthu oyamba kulitsegulira njira sanali nduna kapena mwini kampani. Anali mphunzitsi wa pa sukulu ya ukachenjede ku Zomba, Dr. Paulos Nyirenda.

Kuti ntchito yawo imveke bwino, nkofunika kukumbukira m'mene kalata inkayendera kale. Anthu a ku Dedza kalata amaidziŵa, pakuti kwa zaka zambiri amuna a kwa Kaphuka, kwa Kasumbu, kwa Kamenyagwaza ndi madera ena ankapita kukagwira ntchito ku migodi ndi ku mafamu a kumwera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalaŵi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa, mpaka boma linaimitsa ulendo wa Thenela mu 1974 ndege itagwa ku Francistown ndi kupha anthu oposa 70. Chimene chinkalumikiza amuna ameneŵa ndi mabanja awo chinali envulopu. Kalata inkakwera sitima, inkatsika, inkaloŵa m'thumba la positi ndi kukwera basi ya UTM, kenaka inkagona m'bokosi la sukulu kapena la mishoni kudikira munthu wopita kumudzi. Mudzi wonse unkadalira keyala imodzi, ndipo kaŵirikaŵiri woiŵerenga kalatayo kwa mwiniwake, ndi kumulembera yankho, anali mphunzitsi. Keyala inali chinthu chaulemu. Sukulu ya sekondale ya boma ya Dedza, imene inatsegulidwa mu 1951, mpaka lero ophunzira ake akale amaitchula ndi nambala ya bokosi lake la positi, Box 48, ngati kuti ndilo dzina lake laubatizo.

Tsono mphunzitsi wa pa yunivesite naye anali womangidwa ndi envulopu yomweyo. Yunivesite ya Malaŵi inayamba kuphunzitsa mu 1965, ndipo koleji ya Chancellor inasamukira ku Zomba mu 1973. Maphunziro a kompyuta analibe nyumba yaoyao. Monga m'maiko ena ambiri, anakulira m'khonde la masamu ndi la sayansi ya magetsi, ndipo pa Chancellor ankaphunzitsidwa pansi pa gawo la masamu. A Nyirenda anali a gawo loyandikana nalo, la fizikisi, limene anafika polititsogolera, ndipo digiri yawo ya udokotala pa za umisiri wa magetsi anaitenga ku University of New South Wales ku Australia. Munthu wotere akabwerera kwawo amakumana ndi ludzu la mtundu wina. Sayansi ya kompyuta imasintha mofulumira, kotero kuti buku limene lasindikizidwa chaka chino likhoza kukhala lachikale ophunzira a chaka choyamba asanafike chaka chachinayi. Magazini a akatswiri ankafika mochedwa, ngati ndalama zakunja zoŵagulira zinalipo. Funso lopita kwa mnzako wa ku Sydney kapena ku London linkatenga milungu kupita ndi milungu kubwera, ndipo lamya yoimbira kunja inali ya mtengo woti malipiro a mphunzitsi sakanaupirira. Wophunzitsa za makina atsopano anali ngati mlimi wa dimba amene chitsime chake chili kutsidya la phiri.

Panalinso vuto lina loposa mtengo. Nthaŵi imeneyo Malaŵi anali pansi pa chipani chimodzi, ndipo mawu oloŵa ndi otuluka m'dziko ankayang'aniridwa ndi diso lakuthwa. Pa koleji yomweyo ya Chancellor, mkulu wa gawo la Chingerezi, Dr. Jack Mapanje, anamangidwa mu Sepitembala 1987 ndipo anakhala ku Mikuyu popanda mlandu woŵeruzidwa mpaka 1991. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Chikatolika inaŵerengedwa m'matchalitchi a mpingowo m'dziko lonse, ku Bembeke ngati kwina konse. Boma linaiona ngati youkira, kupezeka nayo kunasanduka mlandu, ndipo nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka kumene kalatayo inasindikizidwa inatenthedwa. M'miyezi yotsatira apolisi ankaloŵa m'maofesi kufufuza makina a fakisi, makina ochulukitsira mapepala ndi makompyuta, ndipo anthu ambiri ogwira ntchito pa makina otere anatsekeredwa poŵaganizira kuti akufalitsa zikalata za zipani zambiri. Chaka chomwecho cha 1992 ndi chimene a Nyirenda anayamba ntchito yolumikiza makompyuta kuti azitumizirana makalata kudzera pa nthambo za lamya. Omvera amene anali achikulire masiku amenewo atha kuyeza okha kulemera kwa chinthu chimenecho. Riferendamu ya pa 14 Juni 1993 inapeputsa mtolo, ndipo pofika 1994 njira ya makalata imene inkatchedwa UNIMA Fidonet inali ikugwira ntchito kuchokera ku Zomba.

Fidonet sinali intaneti imene anthu akuidziŵa lero, ndipo nzeru yake yagona pa kusiyana kumeneko. Anaiyambitsa ndi Tom Jennings ku America mu 1984, osati chifukwa cha maboma kapena makampani, koma chifukwa cha anthu wamba okonda makina amene analibe ndalama zolipirira lamya nthaŵi yaitali. Maganizo ake ndi a positi ofesi enieni. Munthu amalemba kalata yake pa kompyuta lamya ili chitsekere, popanda kulipira kanthu, ngakhale atatenga ola lathunthu akusinkhasinkha mawu. Akamaliza, kompyuta yake imaimbira kompyuta yaikulu ya m'dera lake kudzera pa kabokosi kotchedwa modemu, kamene kamasandutsa zilembo kukhala kulira koyenda pa nthambo. M'kamphindi imatula makalata opita, imanyamula makalata obwera, ndi kudula lamya. Kompyuta yaikuluyo imasunga makalata a anthu onse monga m'mene kalaliki wa positi amasungira maenvulopu m'thumba. Imaŵapanikiza kuti achepe, imaŵamanga mtolo umodzi, ndipo pa nthaŵi yoikika, makamaka usiku pamene nthambo zili phee ndiponso mtengo uli wotsika, imalumikizana ndi inzake ya kunja kwa dziko ndi kusinthana nayo mitolo. Ya kunjayo imapatsira ina, inanso ipatsira ina, kufikira kalata itapeza khomo loloŵera pa intaneti yaikulu.

Masamu ake ndi osavuta. Modemu yapang'onopang'ono ya masiku amenewo inkatumiza zilembo pafupifupi 240 pa sekondi imodzi. Kalata ya tsamba limodzi, ya zilembo 2,000, inkadutsa masekondi khumi asanakwane, ndipo ikapanikizidwa inkadutsa mofulumira kuposa apo. Tsamba lomwelo pa fakisi linkadya pafupifupi mphindi yathunthu, ndipo kuliŵerenga pakamwa pa lamya kunkadya mphindi zingapo, osaŵerengera malonje ndi kubwereza mawu amene sanamveke. Chotero mphindi zitatu za lamya ya kunja, zimene zikanathera pa moni wa anthu aŵiri, zinkanyamula makalata a anthu makumi angapo. Chinanso, Fidonet inapangidwa modziŵa kuti nthambo zimadukaduka. Lamya ikaduka mtolo uli pakati, makina ankaimbanso okha ndi kupitiriza pamene analekera. Pa nthambo za Malaŵi za nthaŵi imeneyo, zimene zinkachita phokoso mvula ikangogwa, khalidwe limeneli linali la mtengo wapatali kuposa liŵiro. Kalata inkafika tsiku lomwelo kapena m'maŵa mwake. Kwa munthu wa lero kumeneko ndi kuchedwa. Kwa munthu wozoloŵera milungu itatu, kunali ngati kuyankhulana pa mpanda.

Keyala za Fidonet zinali manambala, ndipo dziko lonse lapansi linagaŵidwa m'zigawo. Africa yense anali chigawo cha nambala 5. A Nyirenda sanali okha m'chigawocho. Ku Rhodes University ku Grahamstown, Mike Lawrie ndi anzake anali atatsegula njira yotere kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, kusinthana makalata ndi Randy Bush wa ku Portland ku America. Ku Lusaka, yunivesite ya Zambia inayamba ndi Fidonet yomweyo, ndipo mu 1994 inakhazikitsa ZAMNET ndi kuloŵa pa intaneti yathunthu, zaka zitatu Malaŵi asanafikepo. Ku Addis Ababa, ku Dakar ndi ku Nairobi kunalinso anthu ogwira ntchito yofanana. Mu 1996 bungwe la sayansi la ku America linasindikiza buku lotchedwa Bridge Builders, m'mene anthu otere anafotokoza okha zimene anachita, ndipo mutu wonena za Malaŵi analemba ndi a Nyirenda. Chochititsa chidwi nchakuti ambiri a iwo anali anthu a m'mayunivesite ndi m'mabungwe ang'onoang'ono. Mabungwe akuluakulu a boma oyendetsa lamya, amene anali ndi nthambo, nyumba ndi ndalama, anabwera pambuyo.

Apa ndi pamene nkhani ya makina isanduka nkhani ya uphunzitsi. Kuimika kompyuta yotere ndi ntchito ya masiku oŵerengeka. Kuisunga yamoyo ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku kwa zaka. Aliyense amene anasungapo kompyuta yaikulu ya Fidonet m'maiko ano anakumana ndi adani omwewo: magetsi othima mtolo wa usiku usanapite, mphenzi yoyenda m'nthambo za lamya ndi kuocha modemu m'nyengo ya dzinja, fumbi, ndi bilu ya lamya imene iyenera kugaŵidwa mwachilungamo pakati pa ogwiritsa ntchito, aliyense molingana ndi kukula kwa makalata ake. Koposa zonsezi panali anthu. Dokotala, wansembe, mkulu wa bungwe kapena mphunzitsi mnzako amene sanakhudzepo modemu ankafunika kumuikira pulogalamu pa makina ake, kumuonetsa pobaya, ndi kumuyankha modekha akaimba lamya kachisanu kufunsa chinthu chomwecho. Kalasi ya mphunzitsi wotere inalibe zipupa, ndipo ambiri mwa ophunzira ake anali achikulire, ena audindo woposa wake, osalembetsa m'kaundula wa yunivesite ndiponso osalemba mayeso.

Akatswiri ali ndi dzina la luso limeneli la kupanga mapulogalamu a kompyuta oti akhalitse. Amalitcha software engineering, ndipo dzinali linatchuka pa msonkhano umene unachitikira ku Garmisch ku Germany mu 1968. Anthu amene anasonkhana kumeneko anali ndi dandaulo limodzi, lakuti mapulogalamu akuluakulu ankachedwa kutha, ankadya ndalama zoposa zimene anakonza, ndipo akatha ankalephera ntchito. Phunziro limene linakula kuchokera pamenepo ndi lakuti kulemba pulogalamu ndi gawo laling'ono chabe. Gawo lalikulu ndi kumvetsa chimene mwini ntchito akufuna, kuyesa pulogalamuyo mwankhanza isanaperekedwe, kuilemba momveka kuti munthu wina adzathe kuikonza mwini wake atachoka, ndi kuisamala zaka zonse za moyo wake. Munthu wa kumudzi safunika kupita ku Germany kuti amve zimenezi. Akudziŵa mijigo ingati imene inatsegulidwa ndi nyimbo ndi magule, alendo atavala masuti, koma lero yaima chifukwa kampira kamodzi kanatha ndipo palibe amene anaphunzitsidwa kukasintha. Makompyuta ambiri amene anaperekedwa ngati mphatso m'masukulu ndi m'maofesi a mu Africa anafa imfa ya mjigo yomweyo. Chimene chinasiyanitsa ntchito ya ku Zomba nchakuti woiyamba anakhala nayo.

Pano pali chinthu chimene sukulu za ukachenjede zimalakwitsa, osati m'Malaŵi mokha. Mphunzitsi amakwezedwa pa udindo poŵerenga mapepala a kafukufuku amene wasindikiza m'magazini a kunja. Usiku umene wachezera pa makina kuti makalata a anzake apite suŵerengedwa paliponse, ngakhale kuti mapepala a anzakewo anayenda pa makina omwewo. Muyeso wotere umaphunzitsa achinyamata a luso kuti kukonza ndi kusamala ndi ntchito ya anthu otsika, ndipo kuti ulemu uli pa kuyamba chinthu chatsopano. Dziko losauka silingakwanitse maganizo amenewo, chifukwa lilibe ndalama zogulira chinthu chimodzi kaŵiri.

Intaneti yathunthu inafika m'Malaŵi mu 1997 ndi kampani ya MalawiNet, ndipo Fidonet inayamba kufota monga inafotera kwina konse. Chida chikatha ntchito sichililidwa maliro. A Nyirenda anapita kukatsogolera Malawi SDNP, ntchito yothandizidwa ndi bungwe la UNDP imene inabadwa m'maganizo a msonkhano wa za chilengedwe wa ku Rio de Janeiro wa 1992, ndipo cholinga chake chinali kufikitsa makalata a kompyuta ndi intaneti kwa mabungwe a chitukuko, masukulu ndi maofesi a boma pa mtengo wofikirika. Ofesi yake inali pa Polytechnic ku Blantyre. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi mlandu wa keyala.

Pa intaneti dziko lililonse lili ndi zilembo ziŵiri zimene zimakhala kumapeto kwa maina a m'dzikolo. Zambia ali ndi zm, Mozambique ali ndi mz, South Africa ali ndi za, ndipo Malaŵi ali ndi mw. Wosunga zilembo zimenezi ali ngati mkulu wa positi wogaŵa mabokosi: ndiye amalemba kuti dzina lakuti ndi la bungwe lakuti, ndipo kaundula wake akasokonekera, makalata a dziko lonse amasochera. Masiku oyambirira udindo umenewu unkagaŵidwa ndi munthu mmodzi, Jon Postel wa ku California, amenenso anali wa pa yunivesite. Iye ankaupereka kwa munthu wodziŵa makina amene wayamba kupempha, pokhulupirira kuti wolandirayo adzatumikira anthu a dziko lake. M'maiko ambiri chikhulupiriro chimenecho chinalipira. M'maiko ena zilembo za dziko zinagwera m'manja mwa anthu amalonda boma ndi mayunivesite asanadziŵe nkomwe kuti kuli chinthu chotere. Zilembo za Malaŵi zinaperekedwa mu 1997 kwa munthu wamalonda, osati kwa bungwe loyankha kwa Amalaŵi, ndipo panatenga zaka zisanu za makalata ndi zokambirana kuti zibwere kwawo. Postel anamwalira mu 1998, chaka chimene bungwe la ICANN linakhazikitsidwa kuti lipitirize ntchito yake, ndipo mu 2002 bungwelo linavomereza kuti mw asungidwe ndi Malawi SDNP, a Nyirenda ali woyang'anira.

Wina akhoza kufunsa kuti zilembo ziŵiri zili ndi phindu lanji kwa mlimi wa nyemba wa ku Linthipe. Yankho loyamba ndi la ndalama. Dziko laling'ono la Tuvalu, la pa zilumba za m'nyanja ya Pacific, lakhala likupeza gawo looneka la chuma cha boma lake pobwereketsa zilembo zake za tv kwa makampani akunja. Zilembo za Malaŵi sizingagulidwe motero, koma ndalama zolembetsera maina zikhoza kutsala m'dziko kapena kutuluka. Yankho lachiŵiri ndi lalikulu. Unduna, chipatala, banki ndi bungwe la mayeso zonse zimadziŵika pa intaneti ndi maina othera ndi mw. Ngati wosunga kaundula wa mainawo ali kutali, ndipo palibe lamulo la dziko lino limene lingamufike, ndiye kuti bokosi la positi la boma kiyi wake ali m'thumba la mlendo. Mlimi wa ku Linthipe mwina sadzalembetsa dzina lake pa intaneti, koma zotsatira za mayeso a mwana wake zimadzera pa keyala imeneyo.

Panatsala chinthu china chodabwitsa. Makampani opereka intaneti atachuluka m'dziko muno, aliyense anali ndi njira yakeyake yopita kunja kudzera pa setilaiti, koma analibe njira yolumikizana okhaokha. Kalata yochokera pa ofesi ina ku Blantyre kupita pa ofesi ya kutsidya kwa mseu, ngati aŵiriwo anali a makampani osiyana, inkakwera kumwamba, inkatsikira ku Ulaya kapena ku America, ndi kubwereranso, ulendo wonsewo ukulipiridwa ndi ndalama zakunja. Zinali ngati kalata ya ku Dedza yopita ku Ntcheu iyambe yakadindidwa ku London. Mankhwala ake ndi chipinda chimodzi chimene makampani onse amafikitsamo nthambo zawo ndi kusinthana makalata a m'dziko momwemo. Kumanga chipinda chotere sikovuta. Chovuta ndi kukhazika pa mphasa imodzi anthu amene akulimbirana makasitomala. Bungwe la makampaniwo, MISPA, limene a Nyirenda anali mmodzi wa atsogoleri ake, linatsegula malo otere mu 2008 pa College of Medicine ku Blantyre. Chaka chotsatira nthambo ya pansi pa nyanja ya SEACOM inafika ku Maputo ndi ku Dar es Salaam, ndipo pang'onopang'ono Malaŵi anayamba kusiya kudalira setilaiti.

Lero maphunziro a kompyuta ali ndi nyumba zaozao. Amaphunzitsidwa ku Zomba, ku Mzuzu, ku yunivesite ya sayansi ya MUST ku Thyolo imene inatsegulidwa mu 2014, ndi ku Polytechnic yakale imene kuyambira 2021 ikutchedwa MUBAS. Komatu mphunzitsi wa lero ali ndi ludzu lake. M'kalasi ya chaka choyamba mumakhala mnyamata amene wakula ndi kompyuta pa tebulo la bambo ake ku Area 47, ndipo pambali pake pamakhala mtsikana wochokera ku sekondale yoyendera ya kwa Tambala, wakhoza masamu kuposa mnzakeyo, koma sanagwirepo makinawo chibadwire. Kalembera wa 2018 anapeza kuti boma la Dedza lili ndi anthu oposa 830,000, ndiponso kuti m'dziko lonse nyumba younikira magetsi a ESCOM inali pafupifupi imodzi mwa khumi. Phunziro la kompyuta lilipo pa mayeso a MSCE, koma sukulu yopanda magetsi singaliphunzitse mokwanira. Chotero mphunzitsi wa pa yunivesite amayamba ndi ana aŵiri amene aima pa mitunda yosiyana, ndipo ali ndi milungu yoŵerengeka kuti aŵafikitse pamodzi wachiŵiriyo asanataye mtima ndi kuganiza kuti vuto lili m'mutu mwake.

Kumene makina ali ochepa, pulogalamu imayamba kulembedwa pa bolodi ndi pa pepala, ndipo wophunzira amaiyendetsa ndi pensulo mzere ndi mzere, kudziyesa yekha kompyuta. Njira imeneyi ili ndi ubwino wake, pakuti imaphunzitsa munthu kuganiza asanabaye. Koma asapezeke wonena kuti umphaŵi ndi mphunzitsi wabwino. Kusambira sikuphunziridwa pa mchenga, ndipo pulogalamu imene sinayendepo pa makina ili ngati nyumba imene sinaone mvula. Chimene kusoŵa kumaphunzitsa bwino ndi funso limene Fidonet inayankha: kodi chinthuchi chidzatani nthambo ikaduka? Funso lomwelo linatsogolera anthu a Baobab Health, amene kuyambira 2001 anaika makompyuta okhudza ndi chala pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, oyendera mabatire kuti magetsi akathima kaundula wa odwala asaime, ndipo mapulogalamu ake anadzakhala olembedwa ndi kusamalidwa ndi achinyamata a Chimalaŵi. Mapulogalamu ambiri opangidwa kunja amayesa kuti magetsi ndi intaneti zilipo nthaŵi zonse, ngati mpweya. Wolembera chipatala cha ku Mayani kapena ku Lobi ayenera kuyamba ndi maganizo osiyana, akuti makina asunge ntchito pamene njira yatsekeka ndi kuitumiza pamene yatseguka. Akatswiri a lero ali ndi maina atsopano a nzeru imeneyi, koma ndi thumba la positi lomwe lija.

Mtsikana wa kwa Tambala akasankhidwa kupita ku Zomba, chimodzi mwa zinthu zoyamba kulandira ndi keyala yake ya makalata a kompyuta, yothera ndi mawu akuti unima.ac.mw. Keyala yotere imaŵerengedwa kuyambira kumapeto, monga kalaliki wa positi amayamba kuona dziko asanaone boma ndi bokosi. Zilembo za mw ndi zija zinabwera kwawo mu 2002. Zilembo za ac zimasonyeza kuti ndi malo a maphunziro, monga gov amasonyezera boma. Ndipo unima ndi chidule cha dzina la yunivesite, chomwe chija chinali pa kompyuta ya gawo la fizikisi imene inkasinthana mitolo ya makalata ndi maiko akunja.